Mphini za Agogo, Tatuu ya Mdzukulu: Pempho kwa Makolo

Makolo anzanga, amayi ndi abambo, atsibweni ndi azakhali, ndi inu agogo amene mukulera adzukulu,

Ndabwera ndi nkhani imene timaikamba mokalipa kapena monong'ona, koma modekha ayi. Ndi nkhani ya matatuu, zithunzi ndi malemba amene achinyamata akudinditsa pakhungu, makamaka akakhala pathupi la mwana wamkazi. Ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Lusaka ndi ku Chipata si zachilendonso kuona mtsikana ali ndi duwa kuseri kwa khutu, gulugufe paphewa, kapena dzina la malemu amayi ake pamkono. Ana athu a ku Joni ndi ku Mangalande amabwera kutchuthi ali nazo. Pempho langa ndi ili: anthu akamagamula mlandu wa mwana wanu poona khungu lake, inu musakhale m'gulu la ogamulawo.

Sindikunena kuti muzikonde. Wanga atandifunsa maganizo ndingamuuze kuti ayambe wadikira, ndipo zifukwa zake ndizitchula kutsogoloku mosapsatira. Koma kudana ndi chinthu n'kwina, kutaya mwana chifukwa cha chinthucho n'kwinanso. Mabanja ambiri akusokoneza ziwirizi, ndipo ubale umene unamangidwa zaka makumi awiri ukugwa madzulo amodzi.

Tonse tikudziwa zimene zimanenedwa. Mtsikana akawerama pokwera minibasi, kachithunzi ka kumsana n'kuonekera, kondakitala ndi anzake amatsinana, wina n'kuponya mawu. Kumsika amati, "Ameneyu ngwoyendayenda." Kutchalitchi amati, "Walowa zausatana." Amayi a mnyamata amene akumufuna amauza mwana wawo kuti, "Uyu si mkazi wa pabanja, ngwa m'mabala." Palibe amene wamufunsa dzina. Palibe akudziwa ngati ali namwino wochokera kuntchito ya usiku, wophunzira wa pa yunivesite, kapena mayi wa ana awiri amene akukagula ndiwo. Kachithunzi kosadzaza n'chikhatho chomwe kakwanira kuti anthu alembe mbiri yake yonse.

Kuweruza kotereku si kwathu kokha kuno. M'chaka cha 2007 akatswiri awiri a za maganizo a anthu ku Britain, Viren Swami ndi Adrian Furnham, anaonetsa ophunzira a pa yunivesite 160 zithunzi za akazi zojambula pamanja. Thupi linali limodzimodzi; chosiyana chinali mtundu wa tsitsi ndi kuchuluka kwa matatuu. Anyamata ndi atsikana omwe anati akazi a matatuuwo ngochepa kukongola, ngachiwerewere ndiponso ngokonda mowa, ndipo matatuu akamachuluka chigamulo chinkaipiraipira. Taimani kaye pamenepa. Akazi amenewa sanali anthu, anali mizere papepala. Sanalawepo mowa, sanagonepo ndi mwamuna. Zonse zimene anawanenerazo zinatuluka m'mitu ya oonerawo. Kafukufukuyu sanapeze chilichonse chokhudza khalidwe la mkazi wa tatuu. Chimene anapeza ndi khalidwe la ife omuyang'ana.

Mu 2018, ku America, Kristin Broussard ndi Helen Harton anapezanso china. Anthu ankaona akazi a matatuu ngati olimba mtima ndi odziimira paokha, komabe n'kuwatsitsa pa mbali zina za khalidwe. Zimenezi n'zosadabwitsa kwa ife. Kwathu kuno mkazi wooneka kuti amadzisankhira zochita timamusirira ndi diso limodzi, linalo tikumukayikira.

Apa ndi pamene pagona ngozi imene ana athu aakazi ayenera kuimva kuchokera kwa ife, osati kukaiphunzira kumsewu. Mtsikana akadinditsa tatuu nthawi zina amaona kuti amuna omuimitsa achuluka, omupempha nambala achuluka, ndiye amati wakongola. Mwina wakongoladi, pakuti alipo amuna amene amaona tatuu monga amaonera ndolo kapena tsitsi lomangidwa bwino. Koma alipo enanso amene amabwera chifukwa awerenga uthenga umene mwiniwake sanalembe, wakuti ameneyu savuta. Mwamuna wotere amafulumira kufunsira, amafulumira kugwiragwira, ndipo akakanidwa amatukwana. Ikafika nthawi yotuma ankhoswe amakafuna wina. Kumeneko si kukonda, n'kunyoza kumene kwabwera mosekerera. Mwana wanu ayenera kudziwa kusiyanitsa mwamuna amene wakopeka ndi iye ndi mwamuna amene wakopeka ndi mphekesera za iye. Koma kuti akumvereni, ayenera kuona kuti mukumuchenjeza za anthuwo, osati mukugwirizana nawo.

Tsopano tibwerere kumudzi, chifukwa ife sitinayambire pa kanema kuona zolembalemba pakhungu la mkazi. Agogo athu, Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, anali ndi mphini. Sindikunena zija za mankhwala zimene asing'anga amatema pamene pakupweteka, koma zokongoletsa: m'masaya, pamphumi, pachifuwa, pamimba, kumsana ndi m'ntchafu. Ankatema ndi lumo n'kupakapo makala osinja, kuti chilonda chikapola patsale mzere wakuda kapena timabamphu totumphuka. Otema anali amayi akuluakulu, ndipo zina mwa mphinizo zinali zobisika, zoti azidziwe mwamuna wake yekha pamodzi ndi mikanda ya m'chiuno. Funsani ntchembere zokalamba zimene zatsala. Masiku amenewo wosekedwa anali mtsikana wa thupi losalala, chifukwa ankaoneka wamantha, mwana wosakhwima. Mukafika ku Mua, m'boma la Dedza, mukalowe m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare n'kuyang'ana zigoba za gule wamkulu zoimira akazi; zina mwa izo zili ndi mizere yomweyo m'masaya.

David Livingstone akuyenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza akazi a Chimang'anja atavala pelele pamlomo wam'mwamba woboola. Kwa mlendoyo chinali chinthu choipitsa nkhope. Kwa eni dziko chinali ulemerero wa mkazi. Kumpoto kwa Mozambique akazi a Chimakonde ankatema mphini nkhope yonse, ndipo okalamba ena adakali nazo. Kenaka kunabwera mamishoni: Livingstonia mu 1875, Blantyre mu 1876, Mvera mu 1889, Mua mu 1902, ndi sukulu zawo. Sipanapite mibadwo yambiri, chimene chinali chizindikiro cha mkazi wolangidwa bwino chinasanduka chizindikiro cha chikunja ndi uchimidzi. Edzi itapezeka m'Malawi muno mu 1985, uthenga woletsa kubwerekana malezala unamaliza zimene zinatsala.

Onani tsono mmene zinthu zatembenukira. Chizindikiro chimene chinkachititsa mtsikana kukhala woyenera ukwati ndi chomwecho chimene lero chikumuchotsa pamzere wa oyenera ukwati. Khungu ndi lomwe lija, magazi ndi ululu n'zomwe zija. Chasintha ndi kawerengedwe ka anthu. Ngati zolemba pakhungu zikanakhala umboni wa uhule, bwenzi tonsefe tili adzukulu a mahule, ndipo palibe mmodzi wa ife angalole kuti agogo ake anenedwe choncho.

Kusiyana kulipo, sindikukana. Mphini zinali za mudzi: ankasankha ndi akuluakulu, tanthauzo lake ankalidziwa onse, ndipo zinkalowetsa mtsikana m'gulu la amayi. Tatuu ndi ya mwini yekha: wasankha yekha, walipira yekha, tanthauzo akulidziwa yekha. Ndikuganiza kuti chimene chimatiwawa kwenikweni chili pamenepa. Si inki ayi, koma kuti sanatipemphe. Tatuu imatiuza mosabisa kuti thupi limene tinkalisambitsa ndi kulidzoza mafuta tsopano lili ndi mwini wake. Kuwawa kumeneko n'koona, ndipo kholo lililonse limakumana nako tsiku lina. Koma tikutchule dzina lake lenileni, tisakusandutse mlandu wa chiwerewere umene mwanayo sanapalamule.

Dziko lathu lino linayesapo kale kuyeza khalidwe la mkazi ndi maonekedwe. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa akazi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi. Lero amayi aulemu wawo, aphunzitsi, madokotala ndi oweruza milandu amavala thalauzi, ndipo kumwamba sikunagwe. Koma maganizo aja sanafe pamodzi ndi lamulo. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe anavula akazi pamsewu chifukwa chovala thalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo mchitidwewo unafika ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo, ndipo Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti, anali nawo pomwepo. Anyamata amene anavula amayi aja sanagwe kumwamba. Anakulira m'nyumba zimene ankamva akuluakulu akunena kuti mkazi wovala mwakuti ndi hule. Kumene pakamwa paloledwa, manja amatsatira.

Tionenso tsankho limene lili m'nyumba mwathu momwe. Lionel Messi atanyamula chikho cha dziko lonse mu 2022, abambo ndi ana awo aamuna anakuwa limodzi m'mavidiyo sho, osaona vuto ndi mkono wake wodzaza matatuu. Mnyamata wa pakhomo akabwera ndi mkango padzanja timati ndi chinyamata, chidzatha. Tikanyanya timangoti wayamba kuyenda ndi achamba. Palibe amene amati sadzapeza mkazi. Mlongo wake akabwera ndi kanyenyezi pabondo, nkhani imafika kwa atsibweni, kwa abusa, mpaka kwa anyakwawa. Ngati tatuu ndi yoipa, ndi yoipa kwa onse awiri. Ngati kwa mmodzi ndi chibwana koma kwa wina ndi uhule, ndiye kuti chimene tikuweruza si tatuu.

Ambiri a inu mudzanditsegulira Levitiko 19:28, ndipo Asilamu mudzandikumbutsa kuti mashehe ambiri amaphunzitsa kuti chizindikiro chosafufutika n'choletsedwa, ngakhale hina wopaka m'manja ndi wololedwa. Ndikulemekeza zimenezo. Phunzitsani ana anu chikhulupiriro chanu, ndi udindo wanu. Koma dziwaninso kuti okhulupirira sagwirizana onse pankhaniyi. Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt amadinda kamtanda pamkono ngati umboni wa chikhulupiriro chawo, ndipo akazi ena achikhristu ku Ethiopia ali ndi mtanda pamphumi. Mu 2018 Papa Francis anauza achinyamata ndi ansembe ku Rome kuti asamaope matatuu, koma aziwatenga ngati poyambira kucheza ndi mwini wake. Mukhoza kuuza mwana kuti wachita chimene mpingo wanu suvomereza. Koma mawu akuti satana muwasunge. M'dziko limene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera oyandikana nawo mu 2017, kumata munthu dzina lotere si nthabwala, ndipo likachokera kwa kholo lake anthu amalikhulupirira msanga.

Tsopano ndinene zimene mwana amene akuganiza zodinditsa ayenera kuuzidwa, chifukwa m'mera mpoyamba. Kuopseza ndi gehena sikugwira. Zoona zake zimagwira.

Choyamba, tatuu sichoka ndi sopo. Singano ya makina imabaya mobwerezabwereza, n'kupyola khungu la pamwamba limene limasuluka, kukasiya inki m'khungu la m'kati limene silisuluka. Kuichotsa kumafuna makina a laser, maulendo angapo otalikirana masabata, ndi ndalama zoposa zimene analipira podinditsa. Pakhungu lakuda ngati lathuli makinawo akhoza kusiya mawanga oyera kapena zipsera. Komanso ife anthu akuda ndi amene timakonda kutuluka zipsera zotupa zimene madokotala amati keloid. Mwana amene anatupa chotupa cholimba ataboola khutu ali pachiopsezo choti tatuu yake idzatupenso chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi matenda. Singano imene yabaya wina ikhoza kunyamula HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo sabata yathunthu m'magazi ouma. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, choncho ambiri obadwa chakacho chisanafike sanabayidwe. Ngozi yaikulu ili pa matatuu a m'makona, odindana ndi singano yosokera ndi inki ya bolopeni kumahositelo, kapena kwa mnyamata amene wangogula makina dzulo. Wodinda wodziwa ntchito amatsegula singano yatsopano mwini thupi akuona, amavala magulovesi, amathira inki m'kachibekete kotaya akamaliza, ndipo sakwiya akafunsidwa kumene inkiyo yachokera. Funso limeneli n'lofunika: mayiko a mu European Union analetsa mankhwala ambirimbiri a mu inki ya matatuu kuyambira mu Januwale 2022 chifukwa choopa kuti amavulaza thupi.

Chachitatu ndi kusintha kwa mtima. Bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2023 kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse ku America, 32 ali ndi tatuu, ndipo akazi ndi amene akutsogola: 38 mwa akazi 100, poyerekeza ndi 27 mwa amuna 100. Mwa odinditsawo, 24 pa 100 aliwonse anati amanong'oneza bondo ndi imodzi mwa matatuu awo. Muuzeni mwana nambala imeneyi mmene ilili, mmodzi mwa anayi. Mukamunamiza kuti onse amalira, adzakumana ndi atatu enawo n'kusiya kukukhulupirirani pa zina zonse. Koma pa chinthu chimodzi limbikirani: dzina la chibwenzi lisalembedwe pathupi. Ndipo mwamuna amene akukakamiza mtsikana kuti adinditse dzina lake kuti aonetse chikondi, ameneyo akufuna katundu, osati mkazi. Pamenepo mantha anu akhale pa mwamunayo.

Chachinayi ndi ntchito. Makampani ena, monga a ndege a Emirates, salola tatuu yoonekera munthu atavala yunifolomu. Ena akusintha, Virgin Atlantic inayamba kulola mu 2022. Koma kuno kwathu anthu amene amakhala kuseri kwa tebulo pa mayeso a ntchito ndi a msinkhu wathu, ndipo maganizo awo ndi omwe ndawatchula aja. Si chilungamo, komabe ndi mmene zilili lero. N'chifukwa chake malo ali ndi kanthu. Tatuu ya pakhosi, pankhope kapena pazala imayankhula mwini wake asanatsegule pakamwa. Ya pamalo obisika ndi malaya imamusiyira mpata wosankha amene angaione.

Ngati mwana sanakwane zaka 18, kanani ndithu. Malamulo aakulu a dziko lino, kuchokera pamene anasinthidwa mu 2017, amati ameneyo ndi mwana, ndipo ku Britain lamulo la 1969 limaletsa kudinda tatuu munthu wosafika zaka zimenezo ngakhale makolo atavomera. Muuzeni kuti chithunzi chimene akuchifunacho achijambule papepala, achisunge chaka chathunthu. Ngati chikadamusangalatsabe, adzasankha ali wamkulu. Koma akapyola msinkhu umenewo, mphamvu yanu yatsala m'malangizo basi, ndipo malangizo amalowa m'khutu la munthu amene sanatukwanidwe.

Nanga ngati wadinditsa kale, mwangoiona lero akuchapa kapena akusintha malaya? Mtima ukhale pansi kaye. Yambani mwayang'ana chilonda. Ngati pafiira, patupa, pakutuluka mafinya kapena thupi latentha, ulendo ndi wa kuchipatala, zokambirana zibwera pambuyo. Musayese kuichotsa ndi lezala, asidi wa m'batire, chitsulo chamoto kapena mafuta oyeretsa khungu. Inki ili pansi. Mudzangowonjezera chilonda ndi chipsera choipa kuposa chithunzicho.

Kenaka mufunseni kuti, "Mwanangu, chimenechi chikutanthauza chiyani?" ndipo mudikire yankho. Mwina adzati anangochikonda, ndipo nkhani yathera pomwepo. Koma mwina mudzamva zimene simunaziganizire. Ena amalemba tsiku limene kholo kapena mwana wawo anamwalira. Ena amabisa chipsera cha moto kapena cha opaleshoni chimene akhala akuchita nacho manyazi kuyambira ali aang'ono. Ena amabisa mabala amene anadzicheka okha pa nthawi ya kuvutika maganizo, ndipo alipo amene amadinda kachizindikiro ka mpatuliro kokhala ndi kadontho pamwamba, kamene m'mayiko ambiri kamaimira munthu amene anafuna kudzipha koma anasankha kupitiriza moyo. Kholo limene layamba ndi mbama silidzamva zimenezi mpaka kalekale.

Abambo, ndikupempheni mwapadera. Mawu akuti hule akatuluka pakamwa pa kondakitala, mwana amapukusa mutu n'kupitiriza ulendo. Akatuluka pakamwa panu, amawasenza mpaka kukula nawo. Ndipo musamudulire fizi, musamuthamangitse pakhomo. Mtsikana wothamangitsidwa usiku, wopanda ndalama ya thiransipoti ndi pogona, amakagwera m'manja mwa amuna omwe aja amene ankati savuta. Pakatha chaka anthu adzati, "Tinkanena ife." Koma amene wakwaniritsa ulosiwo si tatuu, ndi amene anatseka chitseko.

Amayi, ndikudziwa chimene chimakusowetsani tulo. Ndi maso a anzanu a ku Mvano, ku Chigwirizano, ku Dorika, ku banki m'khonde. Ndi mawu akuti mwana wa uje sanalangidwe. Manyazi amenewo ndi enieni. Koma dzifunseni kuti mukulanga mwanayo chifukwa cha zimene wachita kapena chifukwa cha zimene anzanu anene. Dzifunseninso chifukwa chake timakhala chete mwana akamadzola mafuta oyeretsa khungu, amene ena mwa iwo ali ndi mercury ndi mankhwala opyapyalitsa khungu ndi kuwononga impso, mwinanso n'kumamuyamikira kuti wawala. Ngati nkhawa yathu ili pa thupi la mwana, mafutawo ndi amene akanayenera kutiyambitsa mkangano. Anzanu akayamba kumudya miseche mwana wanu, kapena wa mnzanu, yankho lalifupi likwanira: "Mwanayo ndimamudziwa ine."

Inu amene mwana wanu wamwamuna wabweretsa mtsikana wa tatuu kudzamuonetsa, mafunso a makolo athu akadali ndi ntchito. Kwawo n'kuti? Amalemekeza anthu? Akakwiya amatani? Ndalama amaisunga bwanji? Mnzake akadwala amamusamala? Mayankho a mafunso amenewa sali pakhungu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu umachenjezanso za khungu losalala. Mabanja angati atha, ana angati azunzika, m'manja mwa anthu opanda kadontho kalikonse pathupi? Atsibweni ndi ankhoswe, mpatseni mtsikanayo mwayi umene mukanafuna kuti mphwanu wamkazi apatsidwe kuchimuna kwake.

Ndatsala ndi ana aamuna, ndipo mbali imeneyi ndi imene ili yonse m'manja mwathu. Mnyamata ayenera kumva kwa bambo ake kuti tatuu, siketi yaifupi, thalauzi kapena ndolo ya pamphuno si chilolezo. Ayenera kudziwa kuti kuvutitsa mkazi ndi mawu kapena zochita zachipongwe chokhudza kugonana ndi mlandu pansi pa lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 kundende. Ayenera kudziwanso chimene mawu ake amachita ngakhale asanagwire munthu. Mtsikana amene wauzidwa kambirimbiri kuti ngwoyendayenda, tsiku limene wagwiriridwa amaopa kupita kupolisi, chifukwa akudziwa kuti funso loyamba la anthu lidzakhala la chithunzi cha pantchafu, osati la amene wamuchita chipongwe. Wolakwayo amapulumuka, n'kukapeza wina.

Matatuu sitingawathetse. Akuchuluka m'dziko lonse, ndipo adzukulu athu adzawaona mwina monga ife timaonera thalauzi la amayi. Chimene tingathetse, nyumba ndi nyumba, ndi chizolowezi chowerenga chiwerewere pathupi la mkazi. Khalani pansi ndi ana anu onse, aamuna ndi aakazi pamphasa imodzi, zisanachitike. Auzeni za mphini za agogo awo, za singano ndi chiwindi, za ntchito, za amuna obwera mosekerera. Auzeninso maganizo anu, ngakhale akhale akuti simuzifuna n'pang'ono pomwe. Ndipo ngati sabata ino muli ndi mpata wa nkhani imodzi yokha, yambani ndi mwana wamwamuna. Mlongo wake akalakwitsa posankha, chipsera chikhala pathupi lake yekha. Koma iye akakula ndi maganizo akuti mkazi wa tatuu savuta, adzapweteka ana a eni ambiri.

Ndine kholo linzanu.